Bwato Limene Agatha Analisandutsa Mpando

Nkhani iyi si yongomva mu minibasi ayi. Inachitikira m'nyumba yanga, imodzi mwa zimene ndimachititsa lendi ku Chikale kuno ku Nkhata Bay, ndipo amene anaziona akadali moyo. Mayi Jessie oyanika usipa alipo, mlamu wawo Hopeson alipo, inenso ndilipo. Ine ndayenda, abale anga. Ndagonapo m'mahotela a ku Dar es Salaam, ndadutsa m'misewu ya ku Joni imene eni ake amaiopa, ku Dubai ndinakwera nyumba yoti mbalame umaziona kumsana. Munthu amene anayamba ndi beseni limodzi la usipa n'kufika pomanga nyumba zamalata sanjenjemera ndi mphepo yogwedeza katani. Koma mpaka lero, ndikamadutsa pa nyumba imeneyo dzuwa lili paliwombo, mwendo umafulumira wokha.

Agatha anabwera ku Nkhata Bay kuchokera ku Mulanje, boma litamutumiza kudzagwira ntchito yoona zachilengedwe. Anatsika minibasi ndi masutikesi, matiresi opinda ndi ketulo, basi. Banja lake linali litatha, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, Fortune, mtsikana wa ku sekondale, anatsala ku Blantyre ndi bambo ake chifukwa cha sukulu.

Anthu akuno si ouma mtima. Ankamupatsa moni bwinobwino, "Mwe uli, ama?" iye n'kuyankha mmene anaphunzirira. Koma moni ukatha, nkhani inkabwerera m'Chitonga, anthu n'kuphulika kuseka, iye n'kumangomwetulira osadziwa chosekedwa. Anzake a ku ofesi Lachisanu likakwana ankakwera za ku Mzuzu kukaona mabanja awo. Iye ankatsika yekha kulowera ku Chikale, n'kutsegula chitseko cha nyumba yopanda kanthu. Supuni ikagwa kukhitchini, phokoso lake linkamveka mpaka kuchipinda.

Ine ndinamumvera chisoni. Ndinamuuza kuti eni mashopu onse a mipando ku Mzuzu amandidziwa, nditha kumupezera masofa apamwamba. Iye anangoseka.

"A landilodi, zokongola zili mbwee kudzala kuno. Mudzaona. Fortune akadzabwera pa holide, sadzafunanso kubwerera."

Ndipo ndinaonadi! Mayi uja anali ndi manja. Akaweruka ankayenda ndi thumba, kutola zimene ife timaponda. Mabotolo otayidwa anawatsuka n'kuwandandalika pazenera, dzuwa likawomba chipinda chonse n'kumasambira mu zobiriwira ndi zofiirira. Tayala lakutha analikulunga ndi chingwe cha khonje, linasanduka tebulo. Zipanda anaziboola timabowo n'kuvindikira nazo mababu, kuwala n'kumagwa pakhoma ngati mvula ya mawawa. Zidutswa za ukonde wong'ambika anazikoloweka kudenga, m'menemo n'kuikamo zitini zodzala maluwa. Khoma limodzi analizira ndi dothi lofiira losakaniza ndi phala la chinangwa. Pakhomo lolowera pabalaza anapachika katani ya zitsekerero za mabotolo, zimene anaziboola chimodzichimodzi ndi msomali n'kuzitunga pa ulusi. Munthu ukadutsa, inkalira, tswa-tswa-tswa. Ine amene ndaonapo mahotela a azungu ndikuti ena mwa iwo sangafikepo.

Chilichonse akamaliza ankachijambula n'kutumiza kwa Fortune. Yankho linkabwera mochedwa, nthawi zina mawa lake. "Zabwino mami." Basi.

Chimene chinkasowa ndi pokhala, ndiponso pogona mwanayo akadzabwera. Ndiye tsiku lina, akutola zidutswa za ukonde kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, anaona bwato lakale litavundikiridwa pansi pa mtengo wa mango. Linali losema pa mtengo umodzi, lotuwa ndi dzuwa, long'ambika pang'ono kumutu, udzu utamera m'mbali. Kwa munthu wobadwira m'minda ya tiyi, bwato lovundikira, lomera udzu, ndi chinthu chotayidwa. Agatha anangoona mpando wautali, usiku n'kukhala kama wa mwana wake.

Anapita ku doko kukafuna onyamula katundu. Anyamata awiri amphamvu anamutsatira akuseka, koma atafika pa mango paja kuseka kunatha.

"Ama, ilo lisiyeni," anatero wamkuluyo.

"Lalemera?"

"Silolemera. Lisiyeni basi."

"Amuna athunthu otsitsa matumba mu sitima ya Ilala, kuopa chipika?"

"Chipikacho mukanyamule ndi anzanu a mataye," anatero mnzakeyo, ali m'njira kale. "Ife msana tili nawo umodzi."

Agatha anati ndi ulesi. Anadikira tsiku limene sitima inafika, Chikale yense atakhamukira ku doko, n'kupeza dalaivala wa ku Mzuzu amene anabweretsa simenti ndi anyamata ake. Iwo sankadziwa kanthu. Analitembenuza, analikweza, analilowetsa m'nyumba.

Ntchito yotsalayo anaigwira yekha. Analikwecha ndi sandipepa mpaka zala zinatupa, analipaka phula la njuchi mpaka mtengo unayamba kunyezimira ngati uchi. Analikhazika pa njerwa, m'kati n'kuyalamo matiresi opyapyala ndi mapilo osokedwa ndi zitenje zakutha. Atamaliza anakhalamo, natambasula miyendo, naseka yekha. Anajambula, natumiza. Ulendo uno yankho silinabwere n'komwe.

Zinayamba pang'onopang'ono. Akabwera kuntchito madzulo ankapeza mapilo atalowa pakati, ngati pagona munthu wamtali. Akagwira, pankakhala ponyowa. Pansi pa bwato pankakhala mchenga, chonsecho anasesa m'mawa. Ankati mwina mtengo ukutulutsa chinyezi chakale. Kenako kunabwera fungo. Fungo la palafini, losakanikirana ndi la usipa wauwisi ndi fodya wopichira papepala. M'nyumba mwake munalibe palafini. Iye sankasuta.

Anthu amati zoterezi zimayenda usiku. Koma usiku m'nyumba muja munkakhala bata, Agatha ankagona tulo tabwino. Zimene zinkachitika, zinkachitika masana iye ali ku ofesi. N'chifukwa chake anadzazionera Loweruka.

Unali m'mawa, dzuwa litangotuluka. Kunyanja kunkamveka asodzi akufika, amayi ogula usipa akukuwizana. Agatha anali pa mkeka pabalaza akusoka pilo, chitseko chakunja chili chotseka. Kunalibe mphepo.

Katani inalira. Tswa-tswa-tswa.

Anadzutsa mutu. Ulusi wa zitsekerero unkagwedera, utapatukana pakati, pa msinkhu wa mapewa a mwamuna. Kenako unabwerera.

Fungo la palafini linadzaza chipinda.

Pa simenti panamveka mapazi. Opanda nsapato. Onyowa. Olemera ndi kutopa.

Njerwa zinalira. Bwato linatsika pang'ono. Pilo wa kumutu analowa pakati iye akuona.

Kenako kupuma. Kwakutali, kwa munthu amene wagwira ntchito usiku wonse.

Singano inamugwa. Sanakuwe. Anakwawa chafutambuyo mpaka kukhitchini, natulukira khomo lakuseri, nathamanga mpaka ku msika wa pa boma ali ndi patapata mmodzi. Anazungulira msika tsiku lonse. Anafuna kuuza munthu, koma auze ndani? Anayang'ana mayina a m'foni mwake kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kuibwezera m'chikwama. Dzuwa litapendeka anabwerera, poti kunalibe kwina kopita. Anaima pakhomo la kukhitchini. Anamva njerwa zikulira, mapazi aja akudutsa, katani n'kupatukira kunja. Fungo linatha. M'nyumba munati zii.

Apa m'pamene nkhaniyi imandizizira ine. Agatha anandiuza yekha kuti atamva zii uja, chimene chinamugwira si mpumulo. Anamva ngati mmene ankamvera anzake akakwera minibasi Lachisanu.

Lamulungu sanathawe. Anakhala kukhitchini, chitseko chili pang'ono, akumvetsera kupuma kuja. Sabata yotsatira anakhala pakhomo. Ina yotsatira anabwerera pa mkeka wake ndi zosoka zake. Chinthucho sichinamukhudze, sichinagwetse kanthu, sichinalankhule. Chinkangobwera m'mawa, n'kugona, n'kuchoka madzulo. Agatha anayamba kutsitsa wailesi kuti asachidzutse. Anayamba kuyanika mapilo usiku kuti m'mawa akhale ouma. Tsiku lina anazindikira kuti wathira tiyi m'makapu awiri, ndipo sanabweze. Anaika inayo pa tebulo la tayala lija. Tiyi sanachepe, koma anazizira nthawi yomweyo ngati madzi a m'chitsime.

Kenako anayamba kulankhula nacho. Ankachiuza za ku ofesi, za mvula ya ku Mulanje, za Fortune mmene ankakanira kudya therere ali wamng'ono. Tsiku lina anasiya nkhani pakati, nayamba kulira. Chipinda chinakhala chete. Ndiye m'mbali mwa bwato munamveka kugogoda, pang'onopang'ono, ngati ndi chibakera.

Go. Go. Go.

Agatha anapukuta maso. "Ndamva," anatero. "Ndipitiriza."

Anzake a ku ofesi anaona kuti wayamba kunenepa, nkhope yawala. Ankamuseka kuti wapeza mTonga.

Alendo enieni anabwera Loweruka lina chakumasana. Anali mayi wochepa thupi wovala duku lakuda, ndi mwamuna wa imvi, wa manja okakala ndi zingwe. Agatha anawayalira mkeka pakhonde, koma mayiyo maso ake anali pa zenera.

"Ine ndine Jessie," anatero m'Chichewa chokoka cha kunyanja. "Awa ndi alamu anga a Hopeson. Ndinali ku chipatala ku Mzuzu ndi mwana wodwala, ndakhalitsako. Pobwera ndapeza pansi pa mango pali udzu wokha."

"Pepani mayi. Ndinkayesa lotayidwa."

"Ndi la amuna anga, a Yakobe."

Hopeson ndiye anafotokoza, mawu ali pansi. Mkulu wake Yakobe anali siginala, msodzi amene amakhala yekha m'bwato pakati pa nyanja ndi nyali zowala, kukopa usipa kuti usonkhane. Usipa ukachuluka amagogoda m'mbali mwa bwato, anzake n'kubwera kudzazinga ndi ukonde. Usiku wina mphepo ya mwera inabuka mwadzidzidzi, mabwato anabalalika. M'mawa bwato la Yakobe linapezeka likuyandama, nyali zili m'malo mwake. Mwini wake sanapezeke mpaka lero.

"Manda alibe," anatero Jessie. "Ndiye kwathu tinagwirizana kuti bwato tilivundikire pafupi ndi nyumba, akabwera wotopa azipeza mthunzi. Ine ndimayanika usipa pompo. Ndimawamva akupuma. Si zambiri, ama, koma ndi zanga."

M'nyumba, kuseri kwa zenera la mabotolo, njerwa zinalira ngati munthu watembenuka. Onse atatu anamva. Jessie anatseka maso.

"Amagogoda?" anafunsa Hopeson.

"Nthawi zina."

"Kugogoda kuja n'kuitana, si moni. Kunyanja wina akagogoda, mnzake amabwera. Inu musadzagogode."

"Ndipatseni nthawi," anatero Agatha. "Ndalikonza ndi manja anga."

"Mwalikonza bwino," anatero Jessie akudzuka. "Sanagonepo pofewa chonchi. Koma ndi amuna anga."

Agatha anazengereza. Sabata inatha, ina inayamba. Akakumana ndi Jessie panjira ankayang'ana kumbali. Chimene chinamusuntha ndi foni. Fortune anaimba yekha, chinthu chimene sanachitepo.

"Mami, tikutsekera posachedwa. Ndikufuna ndibwere. Kama wa bwato uja ndi wanga, eti?"

Agatha anayang'ana pilo wolowa pakati, wonyowa. Anamva kupuma kuja. Anaganiza za mwana wake atagona pamenepo m'mawa, katani n'kulira.

"Ndikupezera wina wabwino kuposa uja," anatero. "Ingobwera, mwanawe. Ingobwera."

Madzulo omwewo anabwera kwa ine kudzapempha galimoto yoti abwezere bwato. Ndinatulutsa pikapu yanga yatsopano, yoti sindinyamulira ngakhale nkhuku, ndinaiyendetsa ndekha. Tinadikira kuti katani ipatukire kunja, ndipo ine ndinaiona ndi maso angawa ikupatuka popanda munthu. Hopeson ndi asodzi anzake ananyamula bwato lija. Pansi pa mango analivundikira mmene linalili. Jessie anagwira dzanja la Agatha ndi manja awiri, nathokoza. "Yewo, ama. Yewo chomene."

Agatha anakolopa pabalaza, natsegula mazenera onse kuti fungo lichoke. Anatola mapaleti, matabwa osanjikirapo katundu otayidwa ku doko, n'kukhoma kama, nasoka chofunda cha tizidutswa ta nsalu, naika maluwa atsopano m'zitini. Nyumba inakongola kuposa kale. Tsiku limene anagwirizana ndi Fortune anakaima pa siteji kuyambira m'mawa, akusuzumira mu minibasi iliyonse yotsika. Foni inalira dzuwa litatentha kale.

"Mami, pepani. Adadi akuti ndichite maphunziro a pa holide, mayeso ali pafupi. Komanso akuti ulendowo ndi wautali kuyenda ndekha. Mwina holide inayo."

"Chabwino, mwanawe. Uziwerenga."

Anatsika ku Chikale wapansi, atanyamula chambo chimene anagulira mwanayo. Anachipatsa mphaka wa aneba.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Asodzi anafika kunyanja, amayi anakuwizana, mabelu a tchalitchi analira. Agatha anakhala pa mkeka akuyang'ana katani. Sinagwedere. Anathira tiyi, kapu imodzi. Anayatsa wailesi, naizimitsa. Anayang'ana kama wa mapaleti, chofunda chili chosalala, chopanda khwinya. Ntchentche inazungulira botolo la pazenera. Dzuwa linakwera. Supuni inagwa, phokoso linamveka mpaka kuchipinda.

Anagwada pafupi ndi kama uja. Anapinda chibakera. Anadziwa chimene akuchita, anandiuza yekha kuti anadziwa.

Go. Go. Go.

Chete.

Kunja galu anasiya kuuwa.

Tswa-tswa-tswa.

Patapita masiku Jessie anabweranso, yekha. Anali ataonda. Sanakhale pansi.

"Bwato munabweza," anatero motsitsa. "Koma pansi pake palibe munthu. Ndimaika khutu, ndimangomva nyerere."

Agatha anaima pakhomo, thupi lake litatseka mpata. "Kuno kulibe kanthu, mayi."

Jessie anakoka mpweya ndi mphuno. Anayang'ana kupyola phewa la Agatha, pa tebulo la tayala pamene panali makapu awiri. Sanakalipe. Sanalire.

"Shuga musamawathirire," anatero. "Sankamufuna."

Anatembenuka, natsika njira ya kunyanja pang'onopang'ono. Agatha anatseka chitseko mosamala, kuti chisalire.

Chaka chitapita pakati, mwayi unabwera umene ogwira ntchito m'boma ambiri kuno amaupempherera. Kunapezeka malo ku Blantyre, ndipo akuluakulu ake anamuuza kuti ndi ake ngati akufuna. Fortune atamva analira ndi chimwemwe pa foni, akuti, "Mami, ndizikhala ndi inu, ndatopa kuno." Ine ndinamva kwa mnzake wa ku ofesi, ndipo ndinapita Loweruka kukamuyamikira, ndi kukamuuza kuti katundu wake ndimuperekeza ndekha mpaka ku Blantyre, njira yonse ndimaidziwa ngati khonde langa.

Ndinagogoda ndi mphamvu monga mwa chizolowezi changa. Anatsegula msanga, chala chili pakamwa.

"Pang'onopang'ono, a landilodi. Angogona kumene."

Fungo la palafini linandimenya kumaso. Kuseri kwa katani ndinaona kama wa mapaleti uja, chofunda cha Fortune chitalowa pakati, madzi akudontha pa simenti. Dontho. Dontho. Ndipo ndinamva kupuma. Ine amene ndikulankhula pano, ndinamva.

"Mayi Agatha," ndinanong'ona, "mukunyamuka liti?"

"Ndawauza apatse wina."

"Nanga mwana? Mwana wanu akukudikirani!"

Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Foni inayamba kulira m'thumba la diresi lake, dzina la Fortune likuwala kupyola nsalu. Anaigwira msanga n'kuitontholetsa, maso ali ku katani.

"Fortune ali ndi bambo ake," anatero. "Ali ndi anzake. Nanga awa akabwera m'mawa, apeza ndani?"

Akadali momwemo mpaka lero. Nyumba ija ndi yokongola kuposa zanga zonse, anthu odutsa amaima kuyang'ana mabotolo a pazenera. Koma salowetsa munthu, ndipo masana a Loweruka ndi Lamulungu wailesi yake siimveka. Pansi pa mango, Jessie amayanikabe usipa pafupi ndi bwato lovundikira, ndipo nthawi zina amagogoda. Palibe amene amabwera.